Tebulo lang'ambika, chitseko chakana kutsekeka: vuto la matabwa aawisi ndi mmene mungalithetsere

Foni inalira patangotha milungu isanu chiperekereni katunduyo. Anali mayi amene ndinawakhomera tebulo lodyerapo la paini, la anthu asanu ndi mmodzi. "Amisiri, tabwerani mudzaone nokha. Ine sindinaliike padzuwa, sindinatsikepo poto wamoto, koma lang'ambika." Nditafika ndinapeza kuti pamene ndinalumikiza matabwa awiri a pamwamba patseguka mpata woti ndalama yachitsulo ya K10 inkalowa choimirira, ndipo mumpatamo munali mutagwera kale timpunga ta chakudya cha dzulo lake. Thabwa la m'mphepete linali litatukula mbali zonse ziwiri ngati bwato. Mayiwo anaikapo mbale yopanda kanthu, mbale ija n'kumagwedera yokha.

Guluu anali wabwino, ndipo polumikizapo ndinapala bwinobwino. Tebulo lija linawonongeka tsiku limene ndinagula matabwa: ndinagula Lolemba, ndinapala Lachiwiri, pofika Loweruka ndinali nditapaka vanishi. Matabwawo anali asanaume, ndiye anakaumira m'nyumba ya eni ake.

Aliyense amene wakhomapo kapena kukhometsa katundu wa matabwa wakumanapo ndi zotere. Chitseko chimene chinkatsekeka bwino mu Okutobala chikufunika kuchikankha ndi phewa mu Febuluwale. Mpando umene unali nganganga wayamba kulira ukakhalidwa. Dilowa yakana kutseguka, vanishi wayera ngati wathiridwa mkaka. Madandaulo onsewa gwero lake ndi limodzi, madzi amene ali m'kati mwa thabwa, ndipo malo oyenera kulimbana nawo ndi pogulira matabwa pomwepo.

Zimene zimachitika m'kati mwa thabwa

Mtengo ukangodulidwa umakhala wodzaza madzi. Paini wongochekedwa kumene amatha kukhala ndi madzi olemera mofanana ndi mtengo weniweniwo, nthawi zina kuposa. Madziwa ali pawiri. Ena ali m'timibowo ta mtengo monga madzi a m'siponji, ndipo amenewa akamachoka thabwa limangopepuka koma kukula kwake sikusintha. Ena analowerera m'minyewa ya mtengowo. Amenewa amayamba kuchoka chinyezi chikatsika kufika pa 30 peresenti kapena kucheperako pang'ono, ndipo kuyambira pamenepo thabwa limayamba kunyala.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsikira. Thabwa limene latsika kufika pa 30 peresenti limaoneka louma, likakhudzidwa silinyowetsa dzanja, komanso lapepuka kwambiri poyerekeza ndi tsiku limene linachekedwa. Wogulitsa akanena kuti "awa ndi ouma, abwana", mwina sakunama mwadala. Koma kunyala kwake kumakhala kusanayambe n'komwe.

Thabwa silinyala mofanana mbali zonse. M'litali silisintha kwenikweni: pa mamita awiri mwina lingachepe ndi mamilimita awiri kapena atatu basi. M'lifupi ndi mmene muli nkhani. Mukayang'ana kumapeto kwa thabwa muona mizere yozungulira imene mtengo umaonjezera chaka ndi chaka. Motsatira mizere imeneyo mtengo umanyala pafupifupi kawiri kuposa mmene umanyalira modutsa mizereyo. Thabwa la paini la masentimita 30 m'lifupi limatha kuchepa ndi sentimita yathunthu pochoka pa uwisi kufika pouma bwino. Tebulo langa lija linali la matabwa atatu, ndiye pamwamba pake pankafuna kuchepa ndi masentimita pafupifupi atatu, pamene ine ndinali nditapamanga ndi masikuluwu ku felemu. Thabwa likamangidwa chotero silisiya kunyala. Limang'ambika.

Kusiyana komweku n'kumene kumapinditsa thabwa ngati bwato. Mbali imene inali kuyang'ana ku khungwa imanyala kwambiri kuposa imene inali kuyang'ana kumtima kwa mtengo, motero mizere ija imakhala ngati ikufuna kuwongoka, ndipo thabwa limakumbika mbali ya ku khungwa.

Ndipo thabwa silimauma kamodzi n'kutha. Limatsatira mpweya wa malo amene lili moyo wake wonse. Mpweya ukakhala ndi chinyezi cha 40 peresenti, thabwa limakhazikika pa chinyezi cha pafupifupi 8 peresenti. Ukakhala pa 65, limakhazikika cha pa 12. Ukakwera kufika pa 80, ngati m'kati mwa dzinja, limamwanso chinyezi mpaka cha pa 16. N'chifukwa chake amisiri timafuna matabwa a katundu wa m'nyumba akhale cha pa 12 peresenti pogwira ntchito: amakhala ali pakati, sadzatupa kwambiri m'dzinja ndiponso sadzanyala kwambiri m'chilimwe.

Chifukwa chake matabwa a pamsika amakhala aawisi

Wocheka matabwa ndalama zake zili m'matabwamo. Walipira mitengo, walipira anyamata a macheka, walipira lole. Kusunga matabwa miyezi iwiri kuti aume ndi kugoneka ndalama, ndipo wogula wamba sawonjezera mtengo chifukwa choti thabwa ndi louma. Choncho matabwa amachoka m'nkhalango sabata imene achekedwa, n'kufika ku Mchesi, ku Ndirande kapena ku Mzuzu akadali ndi fungo la utomoni. Omanga nyumba, amene amagula ochuluka, sadandaula kwenikweni, poti thabwa la padenga limaumira pomwepo litakhomedwa. Amene timavutika ndife a mipando, zitseko ndi makabati.

Pali chinthu chinanso chimene amisiri akale amachidziwa bwino. Nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inadzalidwa mwamphamvu kuyambira mu 1964 pokonzekera fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Mitengo ija inakula mpaka kukhwima, ndipo kwa zaka zambiri paini wa kumeneko, pamodzi ndi wa ku Zomba ndi ku Dedza, ankatipatsa matabwa aakulu m'lifupi komanso owongoka. Moto wolusa ndi kudula mopyola muyezo zinaitha mitengo yokhwima ija m'madera ambiri. Paini wocheka matabwa amafuna zaka 25 kapena 30, koma wambiri amene akuchekedwa masiku ano sanafike msinkhu umenewo. Mtengo wanthete mbali yake yaikulu ndi nyama yofewa ya pafupi ndi mtima, imene imanyala ngakhale m'litali ndipo imapotoka ikamauma. Ndiye ngati mukuona kuti matabwa a masiku ano akupotoka kuposa amene ankagula bambo anu, maso anu sakukunamizani.

Mukafika pogula

Tengani tepi, choko, kachingwe, ndi chopalira chaching'ono cha pamanja ngati muli nacho. Musatume mwana, ndipo musagule pafoni. Thabwa lililonse lidutse m'manja mwanu. Ogulitsa ena amanyinyirika mukayamba kuphwasula mulu, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Auzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, awa ndi a tebulo, si a denga. Ndiloleni ndisankhe, ndibwezeretsa mulu wanu." Ambiri amavomera, ndipo mukazolowerana amayamba kukusungirani okha abwino.

Yambani ndi kunyamula. Matabwa awiri a mtundu umodzi ndi saizi imodzi, lina n'kumalemera moonekeratu kuposa linzake, lolemeralo nthawi zambiri lili ndi madzi ambiri. Likhudzeni ndi kuseri kwa dzanja: thabwa laliwisi limazizira ngakhale kunja kukutentha. Ligogodeni ndi kachitsulo. Louma limalira mokweza, laliwisi limangoti phu. Mukaloledwa, palani pang'ono pakona. Zopala za thabwa louma zimathothoka mopepuka n'kumaphwanyika mukazifinya, pamene za laliwisi zimakhala zofewa, zozizira, ndipo zimaumbika m'dzanja. Utuchi nawonso umanena zoona: ukamamatirira ku mano a sowo, madzi alimo.

Njira zonsezi zimangokuthandizani kukana thabwa lonyowa kwambiri. Sizingasiyanitse chinyezi cha 25 peresenti ndi cha 12, pamene m'pomwe pagona vuto. Chimene chingathe ndi kamakina koyezera chinyezi kamene m'masitolo a hadiweya amakatchula kuti moisture meter. Kali ndi timisomali tiwiri timene mumabaya m'thabwa, n'kuwerenga nambala. Musabaye kumapeto, chifukwa kumapeto kumauma msanga. Bayani pakati pa thabwa, ndipo bayani mozama. Kwa munthu amene amakhoma katundu wogulitsa, ndimaona kuti kamakina aka n'kofunika kuposa zida zina zodula zimene timathamangira kugula. Tebulo limodzi lobwezedwa limadya ndalama zoposa mtengo wake.

Ngati mulibe, pali njira ya kunyumba yotenga tsiku limodzi kapena awiri. Gulani thabwa limodzi kaye. Dulani kachidutswa kochindikala ngati zala ziwiri, pamalo otalikira masentimita 30 kapena kuposa kuchokera kumapeto. Kayezeni nthawi yomweyo pa sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu. Kaikeni mu uvuni wotentha madigiri 100 kapena kupitirira pang'ono, n'kumakayeza pakapita maola angapo mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika. Tinene kuti kanali magalamu 150 ndipo katsala 120. Madzi amene achoka ndi magalamu 30. Gawani 30 ndi 120, n'kuchulukitsa ndi 100: mupeza 25 peresenti. Thabwa limenelo silinafike poti n'kukhomera tebulo.

Mukatha za madzi, yang'anani kumapeto kwa thabwa lililonse. Mukaona kadontho ka mtima wa mtengo, kapena timizere tozungulira tating'onoting'ono tosonyeza kuti mtima unali pafupi, lisiyeni. Limenelo lidzapotoka kapena kung'ambika ngakhale mulisamale bwanji. Thabwa labwino koposa ndi limene mizere yake ikuoneka yoimirira, yodutsa kuchokera pamwamba kufika pansi, chifukwa limanyala pang'ono ndipo silikumbika. Otere sapezeka ambiri, koma pa mulu wa matabwa makumi asanu simulephera kupezapo angapo. Asungireni pamwamba pa tebulo ndi pa mafelemu a zitseko.

Kenako tukulani mbali imodzi, tsinzinani diso limodzi, muyang'ane m'litali mwake. Lokhota pang'ono ngati uta likhoza kugwira ntchito mukalidula tizidutswa tatifupi. Lopotoka, limene kona imodzi imadzuka mukaligoneka pansi posalala, ndi loipitsitsa, ndipo ine sindiligula ngakhale anditsitsire mtengo. Mfundo zazing'ono zolimba, zogwirana ndi thabwa, zilibe vuto lalikulu. Zakuda, zozunguliridwa ndi khungwa, zimagwa thabwa likauma n'kusiya bowo. Mfundo yaikulu ya m'mphepete imafooketsa thabwa, choncho musaliike pa mwendo wa mpando kapena pa bedi.

Tepi ija ndi ya izi: dzina la saizi ndi saizi yeniyeni n'zosiyana. Thabwa limene akuti 2 by 6, kutanthauza mainchesi awiri kuchindikala ndi asanu ndi imodzi m'lifupi, likhoza kuperewera mbali zonse, ndipo lochekedwa pamanja kapena ndi makina oyenda nawo m'nkhalango limatha kukhala lochindikala uku, lopyapyala uko. Yezani malo atatu. Kumbukiraninso kuti kuuma kudzadyako, kupala kudzadyakonso: thabwa la inchi imodzi, mamilimita 25, likauma ndi kupalidwa mbali zonse limatsala mamilimita 20 kapena kuchepera. Ngati pulani yanu ikufuna 25 womaliza, inchi imodzi sikukwanirani. Pa chiwerengero, onjezerani thabwa limodzi pa asanu alionse, chifukwa kumapeto kong'ambika, mfundo ndi lina lopotoka pouma zidzatenga gawo lake.

Kuumitsa nokha

Zoona zake n'zakuti pamisika yathu thabwa louma mokwanira silipezekapezeka. Makampani ena aakulu ali ndi mauvuni oumitsira matabwa, ndipo ngati ntchito ndi yachangu komanso kasitomala angakwanitse, gulani amenewo. Kwa enafe njira ndi imodzi: kugula ntchito isanabwere, n'kuumitsa tokha. Nthawi yabwino yogula ndi kuyambira mu Meyi mvula ikatha, kuti matabwa apeze miyezi yonse ya chilimwe.

Chimene ambiri amachita ndi kuimika matabwa pakhoma padzuwa. Musatero. Mbali yoyang'ana dzuwa imauma msanga kuposa inzake ndipo thabwa limapindika tsiku lomwelo. Pamwamba pamachita timing'alu pamene m'kati mukadali madzi. Matabwa amafuna mthunzi ndi mphepo.

Sankhani malo a mthunzi opita mphepo, monga pansi pa shedi yopanda makoma. Ikani njerwa kapena mabuloko, n'kugonekapo mitanda yolimba, kuti mulu ukhale m'mwamba masentimita 30 kapena 40 kuchoka pansi, kutali ndi chinyontho ndi chiswe. Mitanda imeneyi ikhale pa levulo imodzi. Ikani mtima pamenepa, chifukwa maziko akakhota matabwa onse adzauma atatengera kukhotako. Yalani mzere woyamba wa matabwa, n'kusiya mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri pakati pawo. Pamwamba pake pingasani timitengo touma, tochindikala mofanana, pafupifupi masentimita awiri, motalikirana theka la mita. Yalani mzere wachiwiri, n'kuikanso timitengo. Kamtengo kalikonse kakhale ndendende pamwamba pa kanzake ka pansi, kuti mukayang'ana chammbali muone mizere yoongoka kuchokera pansi kufika pamwamba. Kamtengo kakaphonya mzere, kulemera kwa mulu kumapinda thabwa pamenepo. Koyamba ndi komaliza zikhale kumapeto kwenikweni kwa matabwa. Pamwamba pa mulu ikani malata akale, n'kutsindira ndi mabuloko kapena miyala yolemera, kuti matabwa a pamwamba nawonso asapeze mpata wodzuka.

Musanasanje, pakani kumapeto kwa thabwa lililonse penti wa mafuta wotsala, guluu wa matabwa kapena sera wa kandulo wosungunula. Madzi amatuluka mofulumira kwambiri kumapeto kuposa m'mbali, n'chifukwa chake ming'alu imayambira kumeneko. Ntchito ya mphindi khumi imeneyi imapulumutsa masentimita ambiri pa thabwa lililonse, makamaka pa bulugamu, amene amang'ambika kumapeto mosavuta chifukwa mtengo wake umakula uli wokokana m'kati.

Paini musamusiye atagonana popanda timitengo ngakhale sabata imodzi. Amayamba mawanga obiriwira modera, amene ndi nkhungu yolowa m'kati, ndipo sachoka ndi kupala. Mawangawa safooketsa thabwa kwenikweni, koma pa katundu wa vanishi amaoneka ngati litsiro mpaka kalekale.

Mudzadziwa bwanji kuti auma? Sankhani thabwa limodzi lalifupi, muliike pakati pa mulu poti mutha kulisolola. Liyezeni pa sikelo sabata iliyonse, n'kulemba kulemera kwake ndi choko pa thabwapo. Likakhala masabata awiri kapena atatu osatsikanso, lafika pamene mpweya wa malowo ungalifikitse. Kwa ine, paini wa inchi imodzi m'chilimwe amatenga mwezi umodzi ndi theka kapena iwiri; wa mainchesi awiri amafuna nthawi yoposa kawiri pamenepo. Mitengo yolimba yochindikala imatha kudya chaka. M'dzinja mulu umangokhala ngati waima.

Pomaliza, lowetsani matabwa mu shopu sabata imodzi kapena ziwiri musanayambe. Dulani zidutswa zokulirapo pang'ono kuposa saizi yomaliza, palani pang'ono mbali zonse ziwiri mofanana, muzisiye masiku awiri, kenako mupale komaliza. Thabwa limene linali ndi maganizo opindika limaulula m'masiku awiri amenewo, lisanalowe m'chitseko cha munthu.

Ngati zachitika kale

Choyamba, musathamangire kukonza. Ngati katunduyo anakhomedwa ndi matabwa aawisi ndipo akadali kuuma, chilichonse chimene mungakonze lero chidzasunthanso. Muuzeni kasitomala zoona, mum'pemphe milungu ingapo, kapena mutenge katunduyo akaumire kwa inu.

Pamwamba pa tebulo pakang'ambika kapena kukumbika, pachotseni pa felemu, mupasiye paume posanjidwa bwino. Kenako chekani motsatira mng'alu kuti mupeze mbali ziwiri zoongoka. Thabwa lokumbika ling'ambeni m'litali pawiri kapena patatu, chifukwa tizidutswa tating'ono m'lifupi timakumbika pang'ono. Palani m'mbali, mulumikizenso ndi guluu, motembenuza kuti mizere ya kachidutswa aka iyang'ane kumwamba, ya kotsatira iyang'ane pansi. Mudzataya mamilimita angapo m'lifupi. Onjezerani kachidutswa kena. Pobwezera pa felemu, musamange ngati poyamba. Mabowo a masikuluwu akhale otalikirapo chopingasa thabwa, kuti pamwambapo pazitha kusuntha pang'ono nyengo ikamasintha. Kudzaza mng'alu ndi utuchi wosakaniza guluu kumagwira ntchito pa timing'alu tating'ono ta thabwa louma kale. Pa mpata waukulu, zodzazazo zimagwa pasanathe chaka.

Chitseko chokana kutsekeka m'dzinja chimafuna kudekha. Yang'anani kaye mahinjesi, chifukwa nthawi zina sikuluwu yamasuka ndipo chitseko changogwa mphuno. Ngati chatupadi, pakani choko m'mphepete mwa felemu, mutseke, muone pamene choko chadinda, ndipo mupale pokhapo, pang'ono kwambiri. Mukapala mowolowa manja mu Febuluwale, pofika Okutobala mudzakhala ndi mpata wolowa fumbi ndi udzudzu. Mukatha, pakani penti kapena vanishi pamene mwapalapo, komanso pamwamba ndi pansi pa chitseko. Malo awiri amenewa opaka penti ambiri amawasiya poti saoneka, koma ndi pamene chitseko chimamwera chinyezi, makamaka cha kubafa ndi cha kunja. Chitseko chopotoka, chimene chimagunda felemu pamwamba pansi pali mpata, nthawi zina chimabisika posuntha hinjesi imodzi kapena timatabwa timene chimagundapo potseka. Chikapotoka kwambiri, phwasulani musinthe thabwa lolakwalo.

Mapanelo a chitseko kapena a kabati akang'ambika pakati, nthawi zambiri mmisiri anawamata ndi guluu kapena kuwakhoma misomali mbali zonse. Panelo imayenera kungokhala m'kangalande kake mosamangika, ndi kampata kosunthira.

Mpando wogwedera ndiye kuti polumikizira panyala. Kukhomerapo misomali ina kumangong'amba mwendo. Phwasulani, chotsani guluu yense wakale mpaka mufike pa thabwa, matani kachidutswa kopyapyala pa mbali yolowa m'bowo kuti ithine, mupake guluu watsopano, mupane mpaka m'mawa. Dilowa yothina ipaleni pang'ono m'mbali n'kupaka kandulo moyendamo.

Vanishi woyera kapena wosupuka ndi chinyezi chimene chinatsekeredwa pansi pake. Palibe chidule: chotsani ndi sandipepa, dikirani thabwa liume, mupakenso tsiku louma. Ndipo pakani mbali zonse, kuseri komwe. Thabwa lopakidwa mbali imodzi limapuma ndi mbali inayo yokha, n'kupindika.

Ufa pansi pa kabati

Vuto lina limene limagulidwa limodzi ndi thabwa ndi kufumbwa. Mumasesa lero, mawa mupeza timilu ta ufa wosalala pansi pa kabati, ndi timibowo tokwana nsonga ya bolopeni. Ndi anankafumbwe a matabwa, amene amadya nyama yoyera ya kunja kwa mtengo, ya pafupi ndi khungwa, chifukwa ndi mmene muli chakudya chawo. Pa mlombwa kusiyanaku kumaoneka bwino: m'kati ndi mofiirira ndipo tizilombo sitilowamo wamba, kunja ndi koyera ndipo kumafumbwa msanga. Pogula, kanani thabwa lokhala ndi timibowo kapena khungwa, ndipo loyera m'mphepete muliwerengere kuti choyeracho mudzachidula n'kutaya. Ngati katundu wayamba kale kufumbwa, chotsani chidutswa chodyekacho, mupake mankhwala otetezera matabwa mowolowa manja m'mabowo ndi pamalo onse osapakidwa penti, muli panja ndiponso mutavala zoteteza m'manja ndi kumphuno.

Oyilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka pa mitengo ya denga asayandikire katundu wa m'nyumba: amanunkha, amadetsa zovala, ndipo penti ndi guluu sizigwiranso. Matabwa ndi mapolo obiriwira amene analowetsedwa mankhwala ku fakitale ndi abwino panja, koma ambiri mwa iwo mankhwala ake ali ndi poizoni wa arsenic. Musapangire chodulirapo ndiwo kapena zoseweretsa ana, ndipo zidutswa zake zisalowe pa moto wophikira.

Za mitengo yachilengedwe

Mlombwa umakondedwa pa zitseko pa chifukwa chomveka: umanyala pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mitengo yambiri, ndiye ukauma umakhala phee. Mbawa nayo imagwirika bwino. Kukondedwa komweku kwachititsa kuti ena azipaka mtundu matabwa a malaina kapena a mitengo ina yotchipa n'kuwatcha mlombwa. Palani pang'ono kapena dulani kakona: mtundu wopaka umathera pamwamba. Kumbukiraninso kuti mitengo imeneyi ndi yotetezedwa. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna zilolezo podula ndi ponyamula, choncho funsani mapepala ndipo mutenge lisiti. Mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, watsala pang'ono kutheratu paphiripo. Wina akakunong'onezani kuti ali nawo kuseri, mukaneni.

Tebulo la mayi aja ndinalitenga, ndinalisunga milungu isanu ndi umodzi pamwamba pake pali posanjidwa, ndinang'amba matabwa atatu aja kukhala asanu ndi limodzi, ndinaonjezera kachidutswa kamodzi, n'kulumikizanso. Sindinawalipiritse. Kuyambira pamenepo, kasitomala akabwera ndi ntchito ya tebulo kapena chitseko ndimapita naye kaye kuseri kwa shopu, kumene kuli mulu wa matabwa, n'kumuonetsa manambala a choko pa thabwa loyezera. Ngati nambala ikutsikabe, ndimamuuza tsiku limene ndikuganiza kuti ndingayambe, ndipo ndimamulembera tsikulo pa lisiti ya dipoziti.